Amene wamiza mabwinja ndiye asunge zofukulidwa

Pa 8 Malichi 1960, mkulu wa bungwe la UNESCO, Vittorino Veronese, anapempha mayiko kuti athandize kupulumutsa zakale za ku Nubia. Dziko la Egypt linali litayamba kumanga damu lalikulu la Aswan pa mtsinje wa Nile, ndipo zinali zodziwikiratu kuti madzi adzasefukira m'mbuyo mtunda wa makilomita pafupifupi 500, mpaka kulowa mu Sudan, n'kumiza midzi, minda, manda, matchalitchi ndi akachisi. Mayiko okwana 50 anasonkha ndalama, akatswiri ofukula zakale anakhamukira m'chigwacho, ndipo ntchito inatenga zaka 20. Chimene anthu ambiri amakumbukira ndi akachisi awiri a Abu Simbel, amene mfumu Ramesses II inasemetsa m'thanthwe zaka zoposa 3,200 zapitazo. Pakati pa 1964 ndi 1968 amisiri anawacheka kukhala zidutswa zoposa 1,000, zina zolemera matani 30, n'kuwalumikizanso pamalo okwera mamita 65 kuchokera pamene anali. Ntchito yonse ya ku Nubia inadya madola pafupifupi 80 miliyoni a nthawi imeneyo, ndipo ndiyo inalambula njira ya pangano la UNESCO la 1972 loteteza malo ofunika a mbiri ndi chilengedwe. N'zoyenera kuitama. Vuto ndi lakuti nkhaniyi ikamakambidwa imathera pa tsiku limene madzi anafika, ngati kuti chinthu chikangotuluka m'nthaka ndiye kuti chapulumuka. Chinthu chofukulidwa chimakhala chitangochoka m'manja mwa nthaka, imene inachisunga zaka mazanamazana popanda malipiro, n'kulowa m'manja mwa anthu, amene amaiwala, amasowa ndalama, amapuma pa ntchito, amamenyana nkhondo. Pachifukwa ichi ndikuti womanga damu ali ndi ngongole imene siitha pa tsiku lodula riboni. Ayenera kulipira kusunga, kulemba ndi kuonetsa zofukulidwazo kwa nthawi yonse imene damulo likugulitsa magetsi.

Kuti mfundoyi imveke, tiyenera kudziwa kuti kufukula n'kuwononga. Wofukula akachotsa dothi pamanda kapena pabwinja, malowo sangabwererenso mmene analili. Phale limene linali pansi pa phulusa, mkanda umene unali pakhosi pa mwana, mpeni umene unali kudzanja lamanja la womwalira, zonsezi zimanena kanthu chifukwa cha malo amene zinapezeka. Zikangonyamulidwa, umboni wa malowo umatsala m'kope la wofukula, pa mapu amene anajambula, pa zithunzi, ndi pa kapepala kokhala ndi nambala kamene anaika m'thumba la mapalewo. Kwina kulikonse, wofufuza wa m'tsogolo akakayika, angathe kubwerera kukakumba pambali pa dzenje loyamba. Pansi pa damu palibe kubwerera. Bokosi la mapale ndi kope lija ndizo zimene zatsala za mudzi wonsewo, ndipo chiswe chikadya kopelo, kapena thumba likang'ambika n'kusakaniza mapale a manda awiri, mudziwo wamira kachiwiri, ulendo uno popanda wina wojambula chithunzi. Kufukula popanda kukonza posungira kuli ngati kukolola usanamange nkhokwe: chimanga chimene chikanakhalako ndithu paphesi m'munda, wachiunjika pabwalo kuti mvula ndi anankafumbwe zichimalize.

Ena angafunse kuti mafupa ndi mapale osweka ali ndi phindu lanji akatswiri akamaliza kuwaona koyamba. Yankho lili mu Nubia momwemo. M'zaka za m'ma 1960, gulu la Fred Wendorf linafukula manda a Jebel Sahaba pafupi ndi Wadi Halfa, n'kupeza mafupa a anthu 61 amene anakhalako zaka zosachepera 13,400 zapitazo. Ambiri anali ndi zizindikiro za kulasidwa, ndipo kwa zaka zambiri mandawo ankatchulidwa ngati umboni wa nkhondo imodzi yaikulu ya makedzana. Mafupawo anasungidwa ku yunivesite ina ku Texas, kenako anapita ku British Museum. Mu 2021, Isabelle Crevecoeur ndi anzake atawayang'ananso ndi makina amakono okuzira zinthu, anapeza mabala oposa 100 amene oyamba aja sanawaone, ndipo ambiri mwa mabalawo anali atapola munthu asanamwalire. Tanthauzo linasintha: anthuwa sanafe tsiku limodzi, koma ankakhala moyo wa kuukiridwa mobwerezabwereza, pa nthawi imene nyengo inkasintha ndipo chakudya m'chigwa cha Nile chinali cholimbirana. Palinso mafupa a anthu amene anakhala kufupi ndi Wadi Halfa pakati pa zaka za 350 ndi 550, amene anafukulidwa pa ntchito yomweyi. Mu 1980, gulu la George Armelagos linapeza kuti m'mafupawo muli tetracycline, mankhwala amene madokotala a masiku ano anawadziwa m'zaka za m'ma 1940, ndipo umboni ukuloza ku mowa umene anthuwo ankafulula ndi mbewu zawo. Palibe amene anali ndi funso limeneli m'mutu pa tsiku lofukula. Mayankho anabwera patapita zaka 17 kwina, zaka zoposa 50 kwina, chifukwa chakuti wina analipira denga, mashelefu ndi munthu wosamala manambala nthawi yonseyo.

Tikayang'ana mmene gawo lachiwirili linayendera ku Nubia, ulemerero wa Abu Simbel umachepako. Ndalama zinapezeka msanga za zinthu zikuluzikulu zimene zimaoneka bwino pa chithunzi, koma za ntchito ya m'chipinda zinali zosowa. A. J. Mills anayenda ndi gulu lake kuyambira 1963 mpaka 1969 m'dera la miyala la Batn el-Hajar ku Sudan, akulemba ndi kufukula malo mazanamazana madzi asanafike. Buku lalikulu lofotokoza malo a nthawi ya afarao amene anapeza linatuluka mu 2020, lokonzedwa ndi David Edwards kuchokera m'makope akalewo, patatha zaka 51 ntchito ya kuchigwa itatha. William Y. Adams anafukula Meinarti m'zaka za m'ma 1960, koma mabuku ake athunthu a malowo anayamba kutuluka cha m'ma 2000. Anthuwa sanali aulesi. Ndalama zinkatha madzi akangofika, aliyense n'kubwerera ku ntchito yake yophunzitsa, mabokosi n'kutsala akudikira. Zambiri mwa zofukulidwa zinagawidwa kwa mayiko amene anathandiza. Egypt inapereka akachisi anayi ngati mphatso yothokoza: wa Debod ali ku Madrid, wa Dendur ali ku New York, wa Taffeh ku Leiden, wa Ellesyia ku Turin. Ku Faras, gulu la ku Poland lotsogoleredwa ndi Kazimierz Michałowski linapeza tchalitchi chachikulu chokwiririka mumchenga, makoma ake odzaza zithunzi za mabishopu, angelo ndi mafumu a Nubia wachikhristu, ndipo zithunzi zoposa 60 mwa zimene zinamatulidwa pakhoma zinapita ku Warsaw, zotsalazo ku Khartoum. Nanga eni dziko? Anubia pafupifupi 50,000 a ku Egypt anasamutsidwira ku Kom Ombo, kutali ndi mtsinje, ndipo ena ochuluka chimodzimodzi a ku Sudan anatengedwa pa sitima ya pamtunda kupita ku Khashm el-Girba, makilomita mazanamazana kuchokera kwawo. Nyumba yosungiramo zakale za Anubia ku Aswan inatsegulidwa mu 1997. Mwana amene anachoka m'mudzi wake ali kumsana mu 1964 anali ndi zaka zoposa 30 pamene nyumbayo inatsegulidwa kuti akaone zimene zinatuluka pansi pa minda ya makolo ake, pamene wa ku Madrid anali akuyenda m'kachisi wa Debod kuyambira 1972.

Ife a kuno ku Zambezi ndi Shire sitingaione nkhaniyi ngati ya kutali. Damu la Kariba, lomangidwa pakati pa 1955 ndi 1959, linasamutsa Atonga pafupifupi 57,000 a m'chigwa cha Gwembe, tsidya lino ndi tsidya lija. Dziko lonse linamva za Operation Noah, ntchito imene inapulumutsa nyama pafupifupi 6,000 pa zilumba zimene madzi ankazimiza, koma kunalibe ntchito ya msinkhu umenewo yofukula mabwinja ndi manda a m'chigwacho. Chimene chikusonyeza kukula kwa zimene zinatayika ndi Ingombe Ilede, chulu cha kufupi ndi pamene mtsinje wa Lusitu umathira mu Zambezi, kumunsi kwa damu, kumene ena mwa Atonga osamutsidwawo anaikidwa. Mu 1960, anthu okumba maziko a thanki ya madzi anagunda manda. J. H. Chaplin, kenako Brian Fagan, anafukula n'kupeza akufa oikidwa ndi mikanda ya golide, mitanda ya mkuwa, makoza, mikanda yagalasi yochokera kutsidya kwa nyanja ndi tizidutswa ta nsalu ya thonje. Zinapezeka mwangozi, kunja kwa malo omizidwa. Ndipo pano kusunga kunabalanso zipatso: mu 2017, Susan McIntosh ndi Fagan anafalitsa zotsatira za kuyezanso thonje la m'mandawo ndi njira zatsopano, n'kusonyeza kuti manda olemerawo ndi a pambuyo pa nthawi imene ankaganiziridwa poyamba, mwina zaka za m'ma 1500, pamene Apwitikizi anali atayamba kulowerera malonda a pa Zambezi. Kachidutswa ka nsalu kamene munthu wosadziwa akanakasesa ngati chinyalala kanasuntha mbiri ya malonda a chigawo chathu ndi zaka pafupifupi 100.

Chotsutsa choyamba ndi cha ndalama, ndipo sindichipeputsa. Dziko losauka limamanga damu chifukwa zipatala zilibe magetsi, mafakitale aima, nkhalango zikutha ndi makala. Nduna ya zachuma ingafunse mwachilungamo chifukwa chake iwonongere ndalama pa mapale pamene ana akuphunzira pansi pa mtengo. Koma funso limeneli limaika ngongole pakhomo polakwika. Mapalewo sanapemphe kufukulidwa. Akanakhala m'nthaka zaka zina 1,000 osadya tambala ya boma. Chimene chawasandutsa katundu wofuna denga ndi mlonda ndi damu, ndipo damu ndi bizinesi imene imalandira ndalama mwezi ndi mwezi kwa zaka 50 kapena 100. Timavomereza kale kuti mwini damu alipire chipukuta misozi kwa osamutsidwa, akonze misewu imene magalimoto ake aononga, asamale khoma la damulo kuti lisang'ambike. Kusunga zofukulidwa kuli m'gulu lomwelo. Dziko la United States, lolemera chotero, linaphunzira izi movutika. Kuyambira 1945 linatumiza akatswiri kukafukula m'zigwa za mitsinje ngati Missouri madamu asanadzaze, ndipo mu 1974 linakhazikitsa lamulo lolola kuti ndalama zofika 1 peresenti ya mtengo wa ntchito ya boma zipite ku kupulumutsa zakale. Komabe malamulo onena mmene zofukulidwazo zisungidwire anadza mu 1990, pamene mabokosi ambirimbiri anali atakhala kale zaka makumi m'zipinda zapansi ndi m'mashedi odontha, ena mapepala ake atafufutika. Boma linadzalipira kawiri, kufukula ndi kudzakonzanso zimene zinasokonezeka. Dziko losauka silingakwanitse kulipira kawiri, ndiye chifukwa chake liyenera kulemba mtengo wa kusunga m'pangano loyamba, pamene obwereketsa ndalama ndi kampani yomanga akadali pa tebulo ndipo akufuna siginecha.

Chotsutsa chachiwiri ndi chowawa kwambiri, chifukwa chili ndi umboni watsopano. Nyumba yosungiramo zakale ya dziko la Sudan ku Khartoum inatsegulidwa mu 1971, ndipo mbali yaikulu ya chuma chake inachokera ku ntchito ya ku Nubia. M'munda mwake anamanganso akachisi a Buhen, Semna ndi Kumma amene anachotsedwa madzi asanafike. Nkhondo itabuka mu Epulo 2023, nyumbayo inagwa m'manja mwa asilikali a Rapid Support Forces. Mu 2024 UNESCO inachenjeza ogulitsa zakale padziko lonse kuti asagule katundu wochokera ku Sudan, ndipo asilikali a boma atalandanso Khartoum mu Malichi 2025, ogwira ntchito anapeza makabati oswedwa ndi chipinda cha golide wa mafumu a Kush chitakhuthulidwa. Wina anganene kuti: mwaona, zithunzi za ku Faras zimene zinapita ku Warsaw zili pamtendere, choncho zinthu zotere zizipita ku Ulaya. Mfundoyi imaiwala msanga. Nyumba ya ku Warsaw imene ikusunga zithunzizo inafunkhidwa ndi Ajeremani pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, zaka 20 zokha zithunzi za ku Faras zisanafikeko. Ku Berlin, nyumba yosungira zofukulidwa za ku Tell Halaf inapsa ndi bomba mu 1943, ziboliboli zake n'kusweka kukhala tizidutswa zikwizikwi. Mu 2023, popanda nkhondo iliyonse, British Museum inavomereza kuti zinthu pafupifupi 2,000 zinasowa, kubedwa kapena kuonongeka, ndipo zambiri mwa izo zinali zosalembedwa mokwanira m'kaundula. Palibe mzinda umene unalonjezedwa mtendere wamuyaya. Chimene chimasiyanitsa kutayika kwa kanthawi ndi kutayika kotheratu ndi kaundula: chinthu chimene chili ndi nambala, chithunzi ndi muyeso chingazindikirike pa msika wa ku London kapena ku Dubai n'kubwezedwa, pamene chosalembedwa chikangotuluka pakhomo palibe angatsimikize kuti chinaliko. Choncho phunziro la Khartoum ndi lakuti ndalama za kaundula, za zipinda zolimba, za kusunga makope a zolembazo m'malo angapo, ndi za kusaika chuma chonse mu likulu limodzi, zinayenera kukhalapo kuyambira pachiyambi. Kutumiza zonse kunja kumateteza chinthucho pochilanda kwa anthu amene chinayenera kuwaphunzitsa, ndipo wophunzira wa ku Dongola ku Sudan amene akufuna viza kuti akaone mbiri ya kwawo sanapulumutsiridwe kanthu.

Palinso amene amati masiku ano makina amajambula chinthu mbali zonse n'kuchisunga pa kompyuta, ndiye mabokosi n'ngachiyani. Zithunzi zotero n'zofunika ndithu, ndipo ndi mbali ya kaundula amene ndikunena. Koma chithunzi chimasunga zokhazo zimene wojambula anadziwa kuti n'zofunika. Tetracycline sakanapezeka m'chithunzi cha fupa, ndipo thonje la ku Ingombe Ilede silikanayezedwa zaka pa kompyuta.

Chotsutsa chimene chimandigwira mtima kwambiri chinachokera kwa anthu osamutsidwa eni ake. Pamene Sudan inkamanga damu la Merowe pa mathithi achinayi a Nile, limene linatsegulidwa mu 2009 ndipo linasamutsa anthu zikwi makumi angapo, magulu a akatswiri ochokera ku Britain, Germany, Poland ndi mayiko ena anabweranso kudzafukula. Amanasir, mtundu umene dera lake linali kudzamizidwa, anawathamangitsa m'midzi yawo. Maganizo awo anali omveka: alendo akubwera ndi magalimoto kudzasamala mafupa a akufa, pamene amoyo akukankhidwira kuchipululu popanda wowamvera, ndipo kupezeka kwa akatswiriwo kukupatsa damulo nkhope yabwino pamaso pa dziko. Sindingathe kuwatsutsa. Kufukula kumene kumathera m'magazini a akatswiri a ku Ulaya, zofukulidwa n'kukatsekeredwa ku likulu kumene mlimi wosamutsidwa sadzafikako, kumangowonjezera kulanda kwachiwiri pamwamba pa kulanda munda. Koma yankho la dandaulo limeneli silingakhale kusiya zonse kuti zimire, chifukwa pamenepo anthu omwewo ataya munda ndi mbiri yomwe, ndipo zidzukulu zawo sizidzakhala ndi chosonyeza kuti makolo awo anakhalapo m'chigwacho. Yankho ndi lakuti osamutsidwawo akhale eni a ntchitoyo. Iwo ndiwo anene manda amene sayenera kukhudzidwa ndi amene asamutsidwe mwa mwambo, akulu awo afotokoze mayina a zitunda, madooko ndi malo a nsembe kuti zilembedwe m'chilankhulo chawo, achinyamata awo aphunzitsidwe ntchito yosamala zofukulidwa n'kulembedwa ntchito, ndipo nyumba yoonetsera imangidwe kumene anthuwo asamukira, m'chaka chimene asamuka, osati patapita zaka 33 ngati ku Aswan. Mafupa a anthu ndi nkhani ina yapadera: ndanena za phindu limene linatuluka m'mafupa a ku Jebel Sahaba, koma pamene pali zidzukulu zodziwika za omwalirawo, mawu omaliza pa kusunga kapena kuikanso m'manda ndi awo.

Malawi akukonzekera damu la Mpatamanga pa Shire, pakati pa Tedzani ndi Kapichira, lopanga magetsi opitirira mamegawati 350, ndipo dziko likuwafunadi magetsiwo. Chigwa cha Shire chakhala njira ya anthu, mchere, chitsulo, nsalu ndi minyanga kwa zaka mazana ambiri, choncho n'zosakayikitsa kuti m'mbali mwake muli mabwinja, ng'anjo ndi manda. Lamulo lathu la Monuments and Relics Act limafuna kuti womanga adziwitse boma asanayambe ntchito kuti zakale zifufuzidwe, ndipo mabungwe obwereketsa ndalama ngati World Bank ali ndi malamulo awo pa nkhani yomweyi. Zimenezi zimathandiza kuti akatswiri afike madzi asanafike. Chimene aphungu, mafumu a ku Neno ndi Blantyre, ndi a dipatimenti yoona zakale ayenera kufunsa, pa damu ili ndi ena onse amene adzabwere, ndi za chaka cha 10 ndi cha 40: mabokosi adzakhala m'chipinda chiti, ndani adzalipira magetsi, mankhwala a chiswe ndi malipiro a wosamala, lipoti lathunthu lidzatuluka liti ndipo kodi malipiro omaliza a ofukula adzadikira lipotilo, makope a kaundula adzasungidwa kuti ndi kuti, ndipo mwana wa sukulu wa m'mudzi wosamutsidwa adzayenda mtunda wotani kuti akaone zimene zinapezeka. Mayankho ake alembedwe m'pangano la kampani yoyendetsa damulo, ndi kachigawo kodziwika ka ndalama za magetsi kopita ku thumba losungira zofukulidwa chaka ndi chaka, ndipo panganolo lisainidwe zitseko za damu zisanatsekedwe.